Zidole za madainoso: chabwino timachidziwa bwanji, nanga Malawisaurus wathu alipo?

Nabanda, Area 25

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa zidole za madainoso, osati zoti ana azigubuduza pabwalo ayi, koma zoika m'kabati, zoti munthu akaziona aphunzirepo kanthu. Pa kaunjika zimabwera zosakanikirana, zina zolemera bwino, zina zamphako zopepuka, ndipo wogulitsa zonse amangoti "orijino". Chenicheni timachizindikira bwanji? Kodi chidole cha dainoso wathu wa ku Karonga chinapangidwapo? Komanso zina zimayamba kunata m'manja, zina miyendo imakhota nthawi yotentha mpaka kulephera kuima. Mankhwala ake n'chiyani? Mundiuzenso nyama imene aliyense amaikonda, ndione poyambira.

Achisale, Biwi

Achemwali, musanafunse mtengo, chitembenuzeni chidolecho muone kumimba. Makampani odziwika amadinda dzina lawo pamenepo, chaka, chizindikiro cha CE (chosonyeza kuti chatsata malamulo a chitetezo a ku Ulaya) ndi dziko lomwe anapangira. Safari Ltd ndi CollectA amalembanso dzina la nyamayo. Mawu oti "Made in China" asakubwezeni, pakuti ndi zenizeni zomwe, zambiri zimapangidwira komweko. Chokayikitsa ndi pamene mawuwo ali okha popanda dzina la kampani, kapena pamalo a dzina pakuoneka kuti anapala.

Zafeki amaziumba potengera chidole chenicheni, ndiye chikombole chawo chimakhala chachiwiri. Chifukwa chake mamba a pakhungu amaoneka osalala ngati afufutika, chidole chimachepako pang'ono, ndipo mzere wa pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana umatumphuka kuchokera pamphuno mpaka kumchira. Yang'ananinso diso. Pa chenicheni kadontho kakuda kamakhala pakati, pa chafeki penti imagwera pachikope. Chikamanunkha mafuta kwambiri chisiyeni, makamaka ngati pakhomo pali mwana woika zinthu m'kamwa.

Makampani sali ofanana. Schleich ya ku Germany imapanga zolimba zoti zipirire ana, koma maonekedwe a nyama sawasamala kwenikweni, mapazi amakulitsa dala kuti chidole chiime. Papo ya ku France khungu amaligoba mokongola zedi, kungoti zidole zawo zambiri zimatsatira madainoso a m'mafilimu osati mafupa. Poyambira pabwino ndi Safari Ltd ya ku America ndi CollectA: mtengo wapakati, maonekedwe oyandikira zomwe ofufuza anapeza. PNSO ndi Haolonggood za ku China komanso Eofauna ya ku Spain ndi za m'kabati basi. Penti yake siichedwa kukalika, ndipo pa mulu wa kaunjika musayembekeze kuzipeza.

Mukapeza cholembedwa "The Carnegie" kumimba, tengani osanenerera kwambiri. Zimenezo Safari inkapanga mogwirizana ndi Carnegie Museum of Natural History ya ku Pittsburgh kuyambira 1988 mpaka 2015, ndipo zinasiya kupangidwa. Chimodzimodzi za Invicta za ku England, za mtundu umodzi thupi lonse, pulasitiki yake yolimba gwa, zomwe zinayamba mu 1974 kupangidwira nyumba yosungira zakale ya ku London. Anthu amazidumpha poganiza kuti penti inachoka.

Tsono nkhani yomwe oyamba kumene amaiphonya ndi sikelo. Mukamagula chilichonse chomwe chakukomerani, mudzapeza Velociraptor wamkulu kuposa Triceratops pa shelefu imodzi, pomwe nyama yeniyeniyo inali ya mamita 2 okha, theka lake mchira. Sankhani sikelo imodzi. Masiku ano ambiri akutsata 1:35, kutanthauza kuti sentimita 1 pa chidole ikuimira masentimita 35 pa nyama yeniyeni, zakale za Carnegie zambiri zinali 1:40, ndipo ziwirizi zikhoza kukhalira limodzi diso osadandaula. Kawerengedwe kake nkosavuta. Tengani ulusi, muuyendetse pamsana kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya mchira motsatira makhotedwe onse, kenako muyeze ulusiwo pa rula. Mukayeza ndi rula mwachindunji mupeza nambala yochepa chifukwa khosi ndi mchira zimakhala zopindika. Utali wa nyama yeniyeni m'masentimita muugawe ndi utali wa ulusi, yankho lake ndiye sikelo ya chidolecho. Tyrannosaurus wotchuka uja Sue, wa ku Field Museum ku Chicago, ndi wa mamita 12.3, ndiye pa 1:35 chidole chake chikhale masentimita 35. Triceratops wa mamita 9 ndi masentimita 26, Velociraptor masentimita 6. Munthu wamkulu pa sikelo imeneyi sakwana masentimita 5, ndipo kuimika kamunthu kotero pambali kumathandiza mlendo kuona kukula kwa nyamazi.

Kogula: m'misika ya kaunjika monga kwa Tsoka ndi kwa Nsungwi kwanu komweko, gwirizanani ndi wogulitsa zidole mmodzi, mumuonetse zithunzi za zidindo zija pafoni, azikuimbirani akamatsegula belo. Pofika masana zabwino zimakhala zitapita. Zoitanitsa kunja kumbukirani kuti onyamula katundu amawerengera kukula kwa katoni osati kulemera kokha, ndiye dainoso wa khosi lalitali mmodzi akhoza kudya ndalama ya ang'onoang'ono angapo, kuphatikizaponso msonkho wa MRA. Ndi bwino kusonkhanitsa maoda n'kutumiza kamodzi, kapena kudzera kwa achibale obwera kuchokera ku Joni. Wotumizayo achotse katoni yakunja ngati mukufuna kuchepetsa mtengo, koma kapulasitiki kogwira mapazi asachotse.

Yanga ndi Kentrosaurus wa ku Tanzania, wa minga kumsana ndi kumchira. Pa kaunjika muziwerenga mingayo, kawirikawiri imodzi imakhala itathyoka.

Aphunzitsi a Sayansi, Area 18

Mayi Nabanda, Malawisaurus alipo. Safari Ltd inatulutsa chidole chake mu 2018 m'gulu la Wild Safari Prehistoric World. Ine ndinganene kuti kabati ya Mmalawi iyambire pamenepo, zina zizibwera momuzungulira.

Mbiri yake ndi iyi. Mafupa oyamba anapezeka m'boma la Karonga nthawi ya atsamunda, ndipo mu 1928 Sidney Haughton anawatcha Gigantosaurus dixeyi, polemekeza Frank Dixey yemwe ankafufuza za miyala mu Nyasaland. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, gulu la Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Dallas linakumba limodzi ndi a nthambi yathu yoona zakale cha ku Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 nyamayi inapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Mmodzi mwa omwe anaitcha dzinali ndi mayi wa konkuno, Elizabeth Gomani, yemwenso mu 2005 anafotokoza dainoso wachiwiri wa khosi lalitali, Karongasaurus gittelmani, wodziwika ndi chibwano cham'munsi ndi mano oonda. Mu 1997 anafotokozanso Malawisuchus, wachibale wa ng'ona wa masentimita pafupifupi 60, woyenda pamtunda, wokhala ndi mano osiyanasiyana okhoza kutafuna. Zonsezi ndi za nyengo ya Cretaceous yoyambirira, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chigoba cha Malawisaurus chopangidwa potengera mafupawo chaimikidwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600 pa M1, koma wokonda zinthuzi ayenera kukafikako ndithu.

Kufunika kwa Malawisaurus nkoti ndi mmodzi mwa ma titanosaur (gulu lina la madainoso a khosi lalitali) ochepa omwe mafupa a mutu wake anapezeka. Mutu wake unali waufupi, wokwera, osati wautali wosongoka ngati wa Diplodocus. Miyendo inali yotangadza, chifuwa chotakata, ndipo pakhungu pankamera timafupa tina. Za utali wake akatswiri amasiyana, ena amati mamita 11, ena mpaka 16. Ndiye pogwiritsa ntchito masamu a Achisale, pa 1:35 chidole cha masentimita 31 mpaka 46 chili m'malire.

Chidindo cha kampani yabwino sichitanthauza kuti nyama yaumbidwa molondola. Muziyang'ana izi. Manja a odya nyama, monga Tyrannosaurus ndi Allosaurus, zikhatho ziziyang'anana ngati munthu akuomba m'manja. Zikaloza pansi kapena kumbuyo ndiye kuti wosema analakwitsa, pakuti mafupa a mkono wawo sankatha kupotoka chotero. Tyrannosaurus zala ndi 2, Allosaurus 3. Mchira uzikhala m'mwamba molingana ndi msana. Wokwekwereza pansi ndi kaganizidwe kakale, ndipo mapazi osindikizika m'miyala omwe apezeka ambirimbiri kawirikawiri sakhala ndi mkwasa wa mchira. Velociraptor akhale ndi nthenga mpaka m'mikono: mu 2007 pa fupa la mkono wake lochokera ku Mongolia panapezeka timabampu tomwe nthenga zikuluzikulu zimamerapo. Madainoso a khosi lalitali phazi lakutsogolo lisakhale ndi zikhadabo zambiri ngati la njovu. Linali ngati mzati, chikhadabo chimodzi chokha cha chala chachikulu, ndipo ma titanosaur ambiri analibe ndi chimenecho chomwe. Stegosaurus minga ya kumchira ndi 4. Dilophosaurus wokhala ndi chikopa chotambasuka m'khosi ndi zopeka za m'filimu.

Za milomo ya Tyrannosaurus musataye nazo chidole. Kafukufuku wa mu 2023 anasonyeza kuti mano ayenera kuti ankabisika m'milomo pakamwa pakatsekedwa, ndipo zidole zatsopano zambiri zatsatira zimenezo, koma mkangano sunathe.

M'mapaketi olembedwa "dinosaurs" amaikamo ndi zomwe si madainoso. Pteranodon wouluka uja, Mosasaurus ndi Plesiosaurus za m'madzi, ndi magulu ena a zokwawa. Dimetrodon wa thanga kumsana ndiye ali kutali kwambiri: anatha zaka pafupifupi 40 miliyoni dainoso woyamba asanaoneke, ndipo ali kumbali ya nyama zoyamwitsa. Sungani ndithu, koma pa shelefu yake. Ndiponso mashelefu aziyendera nyengo. Stegosaurus anakhalako zaka 150 miliyoni zapitazo, Tyrannosaurus zaka 68 mpaka 66 miliyoni, sanaonanepo.

Shelefu ya mu Africa mukhoza kuidzaza osavutika. Kuchokera ku Tendaguru, cha ku Lindi ku Tanzania, komwe Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, kuli Kentrosaurus wa Achisale uja ndi Giraffatitan, yemwe chigoba chake ku Berlin chimafika mamita 13 kupita m'mwamba. Zidole zambiri zolembedwa Brachiosaurus kwenikweni zinaumbidwa potengera chigoba chimenechi. Ku Niger kuli Nigersaurus wa kukamwa kotambalala, mano pafupifupi 500, komanso Ouranosaurus ndi Suchomimus. Ku Madagascar kuli Majungasaurus. Onsewa zidole zawo zilipo.

Mmisiri wa ku Mchesi

Za mayina aphunzitsi amaliza. Ine ndiyankhe za kunata ndi kukhota, chifukwa gwero lake ndi limodzi.

Zidole zimenezi, mayi, zambiri ndi za PVC. Payokha PVC ndi yolimba ngati ya mapaipi amadzi, ndiye amaisakaniza ndi mafuta ena kuti ifewe. Kukatentha pulasitiki imalobodoka, ndipo mafuta aja amatulukira pamwamba. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kunja kumapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i, pawindo kapena m'galimoto yotseka kumaposa pamenepo. Dainoso woima ndi miyendo iwiri thupi lonse limatsamira pa akakolo owonda, ndiye amayamba kuweramira kutsogolo pang'onopang'ono mpaka kugwa chamutu.

Kuwongola: thirani m'beseni makapu 2 a madzi owira ndi kapu 1 ya madzi apampopi, zikupatsani madigiri cha m'ma 70. Viikani mwendo wokhawo, osati chidole chonse, kwa masekondi 30 mpaka 60, mwendo wonenepa mpaka mphindi 2. Ukafewa, imikani chidole pa galasi kapena mbale yafulati, musindikize mapazi onse agunde pansi, mchira ndi mutu zilingane. Muli chigwirire, chilowetseni m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 2 kapena 3. Mupindeko mopitiriza pang'ono chifukwa pulasitiki imabwerera. Madzi owira okhaokha amatha kutukusira penti, ndipo kandulo kapena mbaula zimapsereza kunja mkati musanafewe. Kukatenthanso chidzakhotanso, ndiye cholemera kumutu muchiikire kamtengo kapena kapulasitiki kowala pansi pa chifuwa miyezi yotenthayi, apo ayi muchigoneke cham'mbali pa nsalu ya thonje.

Kunata: madzi ofunda chabe, madontho ochepa a sopo wamadzi wotsukira mbale, chidole chikhalemo maola angapo kapena usiku wonse. Tsukani ndi mswachi wofewa, tsukuluzani, yanikani pamthunzi. Chilichonse chochokera pa kaunjika chiyambe chasamba chonchi. Chamabatire musachiviike, chotsani mabatire n'kupukuta ndi kansalu konyowa. Champhako chokhala ndi kabowo muchikhutule bwino, madzi otsalira mkati amachita nkhungu. Sipiriti, thina, parafini, petulo ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo musayandikize: zimachotsa penti, zina zimasungunula ndi pulasitiki yomwe. Kunata kukabwerera mutsukenso, kulibe mankhwala okuthetseratu. Chimene chimakulitsa vutoli ndi kutsekera chidole m'jumbo kapena m'chigubu chosalowa mpweya pamalo otentha.

Posunga, zidole zisakhudzane, penti ya china imasamukira pa chinzake. Musakulunge m'nyuzipepala, inki imadinda. Musazigoneke pa chithovu choyera chija chotetezera mawailesi m'makatoni, mafuta a PVC amachisungunula n'kumatirira. Thabwa lopakidwa vanishi yemwe sanaume bwino limagwira mapazi.

Mukamapangitsa kabati, uzani mmisiri kuti kuya kwake kukhale masentimita 30 mpaka 35, mpata wa mashelefu masentimita 30, koma shelefu imodzi ikhale ya 45 kapena kuposa, ya a makosi aatali. Mashelefu akhale a galasi la mamilimita 5 kapena 6, ndipo likapitirira masentimita 80 m'litali pakhale chochirikiza pakati. Zitseko zagalasi ndi zofunika chifukwa cha fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, koma kumbuyo abowole timabowo n'kumatapo sefa ya udzudzu kuti mpweya uziyenda, mphemvu zisalowe. Kabati isayang'ane windo, isatsamire khoma lomwe dzuwa lamadzulo limaomba. Dzuwa limayamba kudya zofiira ndi zachikasu. Nyali ikhale ya LED. Nthawi ya dzinja ikani timapaketi ta silika tija ta m'mabokosi a nsapato, makamaka komwe mwasunga makatoni.

Pa nyama, ine ndi Ankylosaurus. Miyendo inayi yaifupi, sakhota, sagwa.

Nabanda, Area 25

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, nanga Spinosaurus? Ndikuona ena ali ndi miyendo yaitali, ena yaifupi ndi mchira wophwatalala. Wolondola ndi uti? Bambo a ku Mchesi, chothyoka mchira kapena chokalika penti ndigule kapena ndichisiye?

Aphunzitsi a Sayansi, Area 18

Onsewo anali olondola pa nthawi yake. Ernst Stromer anafotokoza Spinosaurus mu 1915 kuchokera ku mafupa a ku Egypt, koma mafupawo anaphwasuka mabomba atagwa ku Munich mu 1944, ndiye kwa zaka zambiri osema ankangobwereka thupi la madainoso ena n'kuikapo thanga. Mu 2014 gulu la Nizar Ibrahim, pogwiritsa ntchito mafupa a ku Morocco, linaonetsa kuti miyendo yakumbuyo inali yaifupi. Mu 2020 analengeza za mchira womwe anapeza, wautali wophwatalala ngati nkhafi. Gulani wa mchira wophwatalala. Ngati ankasambira pansi pa madzi kapena ankangovuwula m'mbali kugwira nsomba, akatswiri akadatsutsanabe.

Ndiwonjezere kuti zakale zathu si madainoso okha. Ku Chiweta, m'boma la Rumphi, kuli miyala ya nyengo ya Permian, zaka zoposa 250 miliyoni, momwe munapezeka nyama za gulu lomwe linadzabala zoyamwitsa, monga Oudenodon, ma gorgonopsian a mano aatali osongoka, ndi Lende chiweta yemwe anapatsidwa dzina mu 2015. Dimetrodon uja ndi Inostrancevia wa Safari akhoza kuimira mbumba imeneyi pa shelefu yapansi. Chenjezo limodzi: wina akakutsatsani fupa lenileni akuti lachokera ku Karonga kapena ku Chiweta, musagule. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere, ndipo fupa lochotsedwa pamalo pake osalemba mwala womwe linali limakhala latayika kwa ofufuza.

Achisale, Biwi

Aphunzitsi, apo pokha ndikutsutsani pang'ono. Spinosaurus wakale asatayidwe. Kuimika atatu pamzere, wa miyendo yaitali, wa 2014 ndi wa 2020, kumaphunzitsa mwana momwe sayansi imasinthira kuposa chidole chimodzi cholondola. Ndi Invicta wokwekwereza mchira chimodzimodzi. Chofunika ndi kakhadi pansi pake: dzina, dziko, nyengo, kampani, chaka. Chaka chodindidwa kumimba nthawi zina chimakhala cha kutatsala chaka chimodzi kuti chidole chifike m'masitolo, musadabwe nazo. Zakale kwambiri za m'ma 1970 ndi 1980 zosadziwika kampani, makamaka zofiira ndi zachikasu, zikhale zotsekeredwa, chifukwa utoto wina wa nthawi imeneyo unali ndi mtovu.

Mmisiri wa ku Mchesi

Gulani, mayi, bola chidutswa chothyokacho chilipo ndipo mtengo watsika. Guluu yekha pa mchira sagwira, malo ake ndi ochepa. Boolani mbali zonse ziwiri pakati penipeni, bowo la milimita 1, kuya mamilimita 5 mpaka 8, ndi kabiti kakang'ono kozungulitsa ndi zala kapena singano yotenthetsa. Dulani kawaya ka pepakilipi, yesani kaye popanda guluu muone ngati mamba akulumikizana, kenako pakani supaguluu pang'ono, wokhuthala uja ngwabwino, mugwire mphindi 1. Mukathira wambiri, nthunzi yake imasiya zoyera kuzungulira pomwe mwamata. Mpata wotsala mutseke ndi phala lomatira la Pratley Putty, musalaze ndi chala chonyowa, mugobe mamba ndi nsonga ya singano isanaume. Nyanga kapena chala chosoweratu chimaumbidwa ndi phala lomweli pa kawaya.

Penti ikhale ya acrylic yosungunula ndi madzi, ya ojambula zithunzi. Ya mafuta yopaka zitseko ndi zambiri zopopera za m'chitini siziuma pa PVC, zimanata mpaka kalekale chifukwa zimasakanikirana ndi mafuta a m'pulasitiki aja. Tsukani chidole kaye, sakanizani mtundu pa mbale, muyese kumimba, poti acrylic ikauma imaderako. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, mphindi 20 pakati, osati kamodzi mokhuthala, mungakwirire mamba. Pomaliza vanishi wa acrylic wosawala, pamalo mwakonzapo pokha. Za Carnegie ndi Invicta zokalika pang'ono musazipente, osonkhanitsa anzanu amazifuna momwe ziliri, ndipo mukadzafuna kusinthana ndi wina muzinena poyera pomwe munamata.